Makope Makumi Anayi

Ndinaitanitsa makope makumi anayi okha,
poganiza kuti anthu a ku Punta del Este
sangatulutse ndalama kuti atukwanidwe.
Lachitatu lisanafike, shelefu inali mbee.

Chikuto chake n'chakuda bii, pali ndolo imodzi ndi kadontho kofiira.
Mwini mahotela apezeka akuyandama
m'dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba yake,
alendo ali pakhonde, kukangana za vinyo,
ndipo palibe akufuna kuitana apolisi
nsomba isanafike patebulo.

Mayi Perla Etchegoyen anabwera atavala magalasi akuda
kunja kuli mitambo.
"Si langa," anatero, "ndikugulira mng'ono wanga wa ku Montevideo."
Loweruka anabweranso, milomo ili chu,
nati wolembayo ndi wabodza wotheratu:
paphwando la anthu enieni
mpeni wa nsomba sauika kumanzere.
Za mtembowo sanatchule n'komwe.

Bambo Amílcar, amene boti lawo
ndi lalitali kuposa tchalitchi chathu,
anaseka mpaka kutsamwa, atatsamira mabuku a ana.
"Uyu wa patsamba 90, wodaya tsitsi,
wokongola ndalama za mafuta a boti,
ndi Baltasar, ndalumbira!"
Madzulo ake Baltasar analowa monyang'ama,
nagula awiri, nandinong'oneza:
"Amílcar akaliwerenga agona m'chipatala.
Amujambula mpaka mano oikirira."

Aphunzitsi opuma, a Nélida, analibweza
litadzaza mizere ya pensulo.
Akuti mulibe munthu wabwino ngakhale mmodzi,
ngakhale galu wa m'menemo ndi wakuba.
Ankafuna ndalama zawo.
Koma zikope zinali zotupa,
ndipo anaulula okha kuti ketulo inapserera pachitofu
cha m'ma folo koloko m'mawa,
iwo ali chilili m'khitchini, kutsegula tsamba lina.

Zulma sanagule.
Analitola m'bini ya abwana ake, mchenga uli m'masamba,
naliwerengera m'basi yopita ku Maldonado,
masiku asanu ndi anayi, manja akununkha sopo.
Anaima pakhomo panga, chikwama chili m'khwapa:
"Walakwitsa chimodzi mlembi wanuyu.
Wantchito wake akumvetsera kuseri kwa chitseko.
Ife sitibisala, bambo.
Amalankhula tili pomwepo,
monga munthu sachita manyazi ndi mpando."
Wakuphayo anamudziwa patsamba 30:
ndi mlendo yekhayo amene ankadziwa
kumene amasunga matawulo.

Yamandú, wotsuka madziwe a nyumba khumi ndi ziwiri,
anawerenga mutu woyamba basi, ataima,
chala chikuyenda pansi pa mawu.
"Mtembo suyandama tsiku lomwelo," anatero.
"Umayamba wamira."
Analibwezera pamalo pake mosamala, natuluka.
Sindinamufunse anadziwira kuti.

Mwezi wonse wa Januwale linayenda pamchenga,
lobisidwa m'magazini a zovala,
lodetsedwa ndi mafuta odzola padzuwa.
Ena ankati akasuma kukhoti.
Ena anakwiya koposa:
anafufuza masamba mazana atatu
osadzipezamo.

Tsopano ndi Juni. Nyumba zazikulu zatseka maso,
mipando ya pakhonde yafunditsidwa malona,
mphepo yochokera kunyanja ikugwedeza chikwangwani changa
ngati munthu wodzatenga ngongole.
Ndatsegula kope la a Nélida, lokhalo lotsala.

Patsamba 212 pali wogulitsa mabuku.
Amamwetulira aliyense, amakulunga bwino mphatso,
ndipo usiku amalemba m'kabuku kobiriwira
zonse zimene makasitomala amunong'oneza.
M'mbali mwake a Nélida anaikamo kachizindikiro kofunsa.

Ndatseka bukulo.
Ndasuntha kabuku kanga, kuchoka m'dirowa ya pamwamba
kupita ya pansi, ya kiyi.

Sindine ayi.
Wa m'bukuyo ali ndi ndevu.