Tsamba 47, Ndime Yachitatu

Anachikhoma pachitseko cha ofesi ya doko ku Quellón,
pansi pa chithunzi cha galu wotayika:
malamulo atsopano a makhola a nsomba akukonzedwa,
nzika zili ndi masiku makumi asanu ndi limodzi
kuti zinenepo zakukhosi.
Lachitatu lisanafike mvula inali itadya theka la mawuwo.

Ine Edelmira Cárcamo, wotola ndere ndi nkhono,
sukulu ndinaisiyira panjira.
Koma Nahuel, mwana wa mchemwali wanga, anakasindikiza zonse kulaibulale,
masamba makumi asanu ndi atatu.
Tinawayala patebulo pafupi ndi mbaula,
iye akuwerenga, ine ndikusenda mbatatesi.
Chilankhulo cha boma ndi mfundo ya chingwe chonyowa:
mkwiyo umaimangitsa, chimamasula ndi chikhadabo.

Usiku wachinayi ndinati, Tabwereza pamenepo.
"Mwini makhola angathe kuyeza madzi a pansi pa nyanja."
Angathe?
Inenso ndingathe kuvina padenga la tchalitchi.
Nahuel anazunguliza liwulo ndi pensulo yofiira.

Tsiku la msonkhano, muholo ya sukulu,
mipando yapulasitiki, majekete akudontha,
munthu aliyense mphindi zitatu.
Herminio Barría anayamba, chibakera m'mwamba:
Mbava! Mwagulitsa nyanja ya makolo athu!
Tinawomba m'manja mpaka zikhato kuyaka moto
pakuti sananame.
Koma ine ndinkasuzumira mtsikana wa ku unduna uja, wolemba zonse.
Cholembera chake chinangoima njo
ngati kakowa pamadzi opanda kanthu.

Atanditchula dzina mawondo anagwedezeka.
Ndinatulutsa kope la malemu mwamuna wanga Baldomero,
lonunkha dizilo ndi mchere.
Zaka zisanu ndi zinayi ankalemba popanda womutuma:
tsiku, gombe, mtundu wa madzi, nkhono zakufa zingati pathumba.
Ndinati, Tsamba 47, ndime yachitatu.
Cholembera chija chinawerama.
Fufutani "angathe", lembani "ayenera".
Aziyeza kanayi pachaka, osati akalota.
Woyezayo asamadye za m'thumba la mwini makhola.
Zotsatira muzizikhoma pachitseko chomwe chija,
mupulasitiki, mvula isamatiwerengere.
Ndinayamba kutchula masiku a m'kopemo;
belu linandidula ndili pakati pa Malichi.

Palibe anawomba m'manja
kupatula Nahuel, kamodzi, kenaka manyazi.
Ndinasiya mafotokope padesiki,
ndinakana kuchoka mpaka atadinda chidindo
ndi kundipatsa nambala.

Mlamu wanga amadyetsa nsomba m'makhola omwewo.
Ali ndi ana anayi ndi ngongole ya injini.
Miyezi iwiri ankandidutsa ngati mtengo wa magetsi,
ndipo sindimuda.

Dzinja lozizira linapita, linabweranso.
Ndinaiwala, ndinakumbuka, ndinatukwana.
Kenaka envulopu, itanyowa pangodya:
"Ndemanga 212: yalandiridwa mbali ina."
Kanayi anakana, anati kawiri.
Za woyeza anati ziganiziridwa m'tsogolo,
ndipo tsogolo la boma ndalidikirapo kale pabenchi ya chipatala.
Za pulasitiki sanayankhe n'komwe.
Koma Nahuel anatsegula tsamba lija,
lomwe tsopano ndi 51,
anayendetsa chala, anayendetsanso.
"Angathe" munalibe.

Liwu limodzi.
Silidzutsa nkhono ngakhale imodzi ya m'kope la Baldomero.

Dzulo Herminio anagogoda, chipewa m'manja.
Akuti pachitseko akhomanso china, cha zinyalala za padoko,
masiku atsala makumi anayi,
ndipo maso ake sakuonanso zilembo zing'onozing'ono.
Ndinamukokera mpando, ndinamupatsa mpeni ndi mbatatesi.

M'mawa uno madzi ataphwa ndinatsikira kugombe.
Pansi pa mzere womaliza wa malemu
ndalemba ndi dzanja langa lokhotakhota:
Lachisanu. Obiriwira, akununkha pang'ono.
Zakufa, khumi ndi zitatu.