Wonyowetsa Dothi

Ndimafika dzuwa lisanasuzumire pa mapiri a Tehachapi,
thanki yodzaza ikulira khuvu khuvu kumsana kwanga.
Pa chikwangwani cha pageti anajambulapo nyumba makumi anayi,
kapinga, mwana, galu.
Ine palibe.
Ntchito yanga ndi kuthira madzi pansi
kuti dothi la Bakersfield lisadzuke.

Dothi lino lili ndi mlendo wogona,
nkhungu yosaoneka ndi maso, yakale kuposa msewu.
Mvula ikagwa imamera,
chilimwe imauma n'kufumbutuka,
ndiye katapila akang'amba maziko
imakwera pa fumbi
n'kukatsikira m'mapapo a munthu.

Eusebio Arreola ankachiseka chophimba mphuno.
Ankati chimanunkha khofi wa dzulo.
Ankati bambo ake anathyola thonje m'chigwa chomwechi
chifuwa chili pamtunda, osadwala ndi mutu womwe.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akukhoma madenga,
misomali itatu pakamwa, nyimbo ikutulukabe pambali.

Kutsokomola kunayamba mu Okutobala.
Chimfine, anatero.
Sabata yachitatu shati inkanyowa usiku,
yachisanu anaboola lamba bowo lina.
Nyundo inayamba kumulemera, koma ankabwerabe,
chifukwa tsiku logona silikhala ndi malipiro
ndipo lendi simva kutsokomola.

Dokotala woyamba anamupatsa mankhwala a chibayo.
Wachiwiri, mayi wa imvi, anaika cholembera pansi
n'kufunsa: Kodi mumagwira ntchito yanji?
Funso lomwelo basi.
Magazi anakamaliza kuyankha: malungo a m'chigwa.

Kuchokera apo kapitawo wathu, Gurmeet Dhillon,
amayenda ndi kachipangizo koyezera mphepo m'thumba.
Ikangopyola malire amaliza wezulo,
makina onse zii,
tonse kukabisala m'kontena ngati nkhuku zaona kabawi.
Eni malo amaimba foni, akuwerenga masiku.
Iye amati, Mphepo sinasaine nawo pangano lathu.

Zophimba mphuno tsopano amatiyeza mmodzimmodzi,
anyamata ameta ndevu kuti mpweya usazembere m'mbali.
Gurmeet zake sameta, ndi za chikhulupiriro;
amavala chisoti chopemerera mpweya wosefa
ndipo timamutcha wopita kumwezi.
Sakwiya. Amatifunsa za katemera wa kafumbata,
amatiletsa kusesa ndowe za makoswe zili zouma,
anaika mpopi ndi sopo pafupi ndi chimbudzi
pomwe kale panali ndowa ndi pemphero.
Wodwala akhale kunyumba, anatero,
tsiku lakelo ndikalimenyera ine ku ofesi.
Masiku ena amapambana.

Madzulo ovolosi imatsala konkuno, m'thumba lomanga.
Nsapato ndimatsuka ndisanakwere galimoto yanga.
Mwana wanga Itzel anazolowera:
amaima pakhomo manja ali kumbuyo
mpaka amve shawa yatsekedwa,
kenako ndiye amandigwera.

Eusebio anabwerera mu Epulo, khosi litatalika,
mapiritsi m'kabotolo pomwe pankakhala fodya.
Padenga sakweranso.
Amakhala nane muno, mawindo otseka,
n'kumandilozera ndi chibwano:
Apo, Herminia, pakona ya nambala sikisitini, pauma.
Sanapepese kwa chophimba mphuno chija,
amangochikoka zingwe kawiri asanatsike.

Adzabwera ogula ndi mipando yawo,
adzakangana za mtundu wa makatani,
adzabzala ndimu kuseri.
Sadzadziwa kuti pansi pa khitchini yawo
ndinadutsapo maulendo mazana awiri
ndikugoneka dothi ngati khanda lovuta.

Si kanthu.
Dzuwa la kuno limamwa madzi anga
ndisanafike n'komwe kumapeto kwa mzere.
Pagalasi ndikuona kakamvuluvulu kakuimirira kale,
kakudzisasa, kakuyang'ana komwe kuli anthu.
Ndikhota.
Nditsegulanso mpopi.