Ndodo Yoyezera

Anafika Lachitatu mame asanaume,
Mayi Chiwaula a zaumoyo,
njinga ikulira tcheni,
pakaliyala katoni ya mapiritsi a likodzo,
ndodo yoyezera atamangirira ndi mphira.

Ine yanga ndi kaundula.
Sitandade faifi, ana zana limodzi ndi khumi ndi awiri,
mzere wokhotakhota mpaka pamtengo wa mango.

"Mwamwa phala?"
"Tamwa!"
Ena akunama, milomo ili mbuu.
Amenewo abwerere kaye kumphika:
mankhwalawa salowa m'mimba mopanda kanthu.

Ndodoyo sifunsa zaka,
sifunsa kuti ndiwe mwana wa yani.
Fanuwelo ananyang'ama kuti apose Sumaili;
atamva kuti wamtali ameza anayi
anabweza khosi ngati fulu,
mzere wonse chikhakhali.

Dalesi anadza ndi mawu a kunyumba:
"Amayi akuti ndisamwe, akuti amaumitsa chiberekero."
Mayi Chiwaula sanakalipe.
Anatulutsa foni yong'aluka galasi,
ana anayi atandanda pakhonde.
"Ndinamwa ndili ngati iwe. Awa ndinawatola kuti?"
Dalesi anayang'ana nthawi yaitali.
"Ndikawafunsenso kaye."
Padzina lake ndinaika kadontho ka pensulo,
mtanda ayi.

Kenako: Twaibu Rajabu.
Zii.
Twaibu Rajabu!
"Ali kudambo, Sala,
akupirikitsa mbalame mumpunga wa amalume ake."

Iyeyo ndiye ananditsata kuseri kwa ofesi mwezi wathawu,
mano onse pamtunda:
"Sala, ndakula. Ndayamba kukodza zofiira."
Nditamuuza za nkhono za m'madzi
anandiyang'ana ngati ndamulanda mphoto.

Mawa Mayi Chiwaula akakhala kutsidya kwa Kaombe.
Kuno adzabweranso chaka chamawa,
katoni ikadzabwera.

Ndinati, msinkhu wake ndikuudziwa.
Akaima pabolodi amandilekeza apa,
pathumba la malaya
pomwe bolopeni inandisanzira inki.
Ndinapita kukaima pandodo, ine mphunzitsi wathunthu,
ana akugwa nazo nseko.
Iwo anayang'ana inkiyo, napukusa mutu:
"Sindiyeza malaya, aphunzitsi. Ndimayeza mwana.
Kudamboko n'kutali?"

Belu la kuweruka litalira tinauyamba.
Iwo patsogolo, ndodo paphewa,
ine pambuyo ndi chinangwa chophika m'jumbo
ndi botolo la madzi a pamjigo.
Tinkaponda m'malire mwa minda, pouma pokhapokha,
ngati anthu oopa ngongole.

Tinamumva tisanamuone:
zitini pachingwe, kholokocho, kholokocho,
ndi mawu osasa a mwana amene wakuwa chiyambire mbandakucha.
Anali m'madzi olekeza m'mawondo.
Ataona ndodo anafuna kuthawa,
ankayesa ndi ya ine.

Anaima pachulu, matope akuuma m'miyendo,
chidendene kundodo, chibwano mowongoka.
"Atatu," anatero mayiwo.
Inki yanga inanena zomwezo,
koma ndinasunga pakamwa.

Anadya chinangwa chonse, ngakhale ulusi wapakati.
Piritsi loyamba linabwerera m'dzanja.
Lachiwiri analitsinzinira.
Pa lachitatu mpheta zinazindikira kuti zitini zakhala chete,
zinatera mumpunga ngati chitenje chakuda.

"Mbalame, Sala!"
Botolo pansi, iye m'madzi phava,
m'madzi omwe aja.

Mayi Chiwaula anamuyang'ana, osanena kanthu,
napukuta matope kunsi kwa ndodo ndi udzu.
Ine ndinatsegula kaundula pabondo,
ndinachonga dzina lake.
Pepala la boma lili ndi malo a dzina,
a msinkhu, a mapiritsi.
Malo olembapo kuti mwana wabwerera m'madzi
ndinawafunafuna, kutsogolo ndi kuseri.

Pobwerera anandifunsa za Dalesi,
ngati kwawo kuli panjira.
Ndinati n'kokhota pang'ono.
Tinakhota.