Mapu a Mawaya

Galaja ya ku Turffontein ilibe windo.
Ndimalowamo ndikaweruka ku Booysens,
manja akadanunkha girizi wa abwana,
n'kuyatsa babu limodzi pamwamba pa makina anga osema matabwa.
Mamota atatu ndinawazula m'mafotokope akufa,
njanji ndinagula pa sikelo ku Jeppe,
thabwa la pansi linali chitseko cha munthu wina.

Mawaya ndinkawajambula pa katoni ya sopo.
Wofiira apa, wakuda apo, wachikasu ndinkangomusunga m'mutu.
Mvula ya Disembala inapeza kabowo padenga,
inki inayenderera, mizere iwiri inakwatirana,
ndipo Loweruka lina ndinalumikiza monga katoni inanenera.
Kunamveka phu!
Kenako kafungo kaja
kodziwika kwa aliyense amene anawotchapo ndalama:
marandi mazana asanu ndi limodzi, utsi basi.

Tinenenji, mwana wanga wa giredi leveni, sanaseke.
Anabwera ndi laputopu yothetheka pakona:
"Adadi, katoni si injiniya. Sankhani pulogalamu."

Yoyamba inali yowala ngati banki ya ku Sandton,
swichi, fyuzi, zonse zili m'mashelefu,
kungokoka n'kuika.
Masiku makumi atatu aulere, kenako madola mwezi ndi mwezi,
lendi yachiwiri, pomwe yoyamba ikundisowetsa kale tulo.
Ukaleka kulipira imakutsekera zojambula zako zomwe
ngati landilodi wogwira katundu.

Yachiwiri imakhala pa intaneti, akuti m'mitambo.
Ndinajambula mota yoyamba, ndinayamba yachiwiri,
bandulo inatha ndili pakati pa mzere.
Waya anatsala lende, osafika uku kapena uko,
ngati ine chaka chija pa Beitbridge.

Yachitatu ndi yaulere, koma yamakani.
Anaipangira anthu a timabolodi tobiriwira tija,
osati ife a bokosi la mawaya onenepa.
Ndinafuna chizindikiro cha batani lofiira loimitsa zonse,
ndinafufuza, ndinatopa,
ndinachijambula ndekha usiku wathunthu, kabwalo ndi timizere tiwiri,
Tinenenji akuwodzera pa chitini cha penti.
Ukasiya waya osalumikiza imakuloza ndi kamuvi,
ilibe manyazi kudzudzula munthu wa imvi.
Koma magetsi atathima Lachitatu, msewu wonse uli bii,
iyo inangopitirira pa batire,
osafunsa deta, osafunsa khadi la kubanki.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mzwakhe wa nyumba inayo, wokonza mafiriji,
anasuzumira nati: "Ukuvutikiranji?
Mawaya ndi ako, ukuwadziwa pamtima."
Sindinamuyankhe.
Pepala langa lokhalira kuno litha mu Epulo.
Ndaonapo anthu akukwezedwa m'vani atavala ovololo,
kiyi wa galaja akadali m'thumba.
Za pamtima zimakwera nawo vani.
Mapu amatsala.

Tsono waya aliyense ndam'patsa nambala.
Ndasindikiza pa shopu ya pakona, marandi awiri tsamba,
ndalikuta pulasitiki kuopa kabowo kaja,
ndalimata m'kati mwa chitseko cha bokosi.
Ndinati kwa Tinenenji: tsata ndi chala,
kuchokera pa fyuzi mpaka pa mota yokweza mpeni.
Anatsata. Pa nambala seveni anaima.
"Apa mwalemba wabuluu. M'bokosimu ndi wobiriwira."
Ndinavala magalasi, ndinawerama.
Anali wobiriwira.

Tinakonza.
Lamulungu masana makina analira,
mpeni unatsika mwaulemu pa thabwa la paini,
utuchi n'kumagwera pa nsapato zathu.
Chilembo choyamba cha dzina la amayi ake
chinatuluka chopendekeka pang'ono,
sindikudziwabe chifukwa chake.
Mzwakhe anaima pakhomo, sikuludalaiva kukhutu.
Dzanja limene linali pa batani lofiira
silinali langa.