Musagwedezeke

Zaka khumi ndi zinayi pa Bangula
ndakhala ndikuuza anthu mawu amodzi:
musagwedezeke.
Akwati otuluka thukuta m'majekete obwereka,
ana a sitandade eyiti ofuna chithunzi cha mayeso,
ngakhale Zuze wa kabaza, amene sadziwa kukhala pansi,
onse amaumitsa khosi, nkundimvera.

Lachinayi usiku magetsi atathima
ndinasenza kamera kukwera mtumbira wa njanji yakale
kumene madzi osefukira anasiya zitsulo zili lende.
Mwendo umodzi wa choimikira unathyoka chaka chatha,
ndinaumanga ndi mphira wa njinga.
Fatchi, mwana wanga, ananyamula tochi
ndi nthambi ya nimu yoingitsira udzudzu.

Inali apo kumadzulo, pamwamba pa migwalangwa,
nyenyezi ya mchira,
yotuwa ngati thonje lothothoka pa lole ya ku Ngabu.
Pa wailesi anati ikapita yapita,
podzabwera, dzina langa palibe wolikumbuka.

Chithunzi choyamba, mdima wokhawokha.
Chachiwiri, mdima ndi chala changa.
Pa chachisanu ndi chiwiri udzudzu unandiluma pachigongono
ndipo nyenyezi zonse zinasanduka nyongolotsi.
Achule a m'dambo anachita kufa nazo.

Apo Fatchi anati: Ababa,
uyo ndi wapaulendo, simungamuuze.
Wosagwedezeka mukhale inuyo.

Ndinatsegula diso la kamera, nkuchotsa dzanja.
Tinawerenga chamumtima,
osapuma,
thukuta likutsika pamsana ngati linthumbu,
mvuu ikudzuma kutali ku Shire,
khumi ndi zitatu, khumi ndi zinayi,
mwendo wa mphira uja ndikuupempha kuti ulimbe mtima.
Kenaka, tcha!

Pano chili pakhoma la situdiyo,
pakati pa ukwati wa a Nyamazawo
ndi mwana wolira pa mpando wa pulasitiki.
Ndi kasitomala yekhayo amene sanalipire,
sanapemphe kuti ndimuyeretse nkhope,
sanabwere kudzatenga chake.
Obwera kudzajambulitsa amayesa litsiro,
amanyowetsa chala ndi malovu kuti apukute.

Dzulo mayi wina wa ku Makhanga anachiyang'ana nthawi yaitali.
Amuna ake anapita ndi madzi, chithunzi chawo alibe.
Anandifunsa mtengo.
Ndinamusindikizira china, chaching'ono,
nkuchimanga m'pepala la shuga
kuti chisanyowe powoloka.