Musagwire

Wogulitsa pa msewu wa Piotrkowska
analumbira kuti ndi kamphongo.
Jagoda anakatcha Bolek,
nakasiya m'manja mwanga popita kukaphunzira ku Gdańsk:
"Bambo, ndi hamusita chabe. Madzi, njere, basi."

Lachiwiri m'bandakucha, nditaweruka pa tramu yausiku,
chipale chisanasungunuke pa nsapato,
ndinamva kaphokoso kosayenera kutchedwa kulira,
ngati chitseko cha kabati m'nyumba ya eni.
Pansi pa utuchi, Bolek wabereka.

Tiana tofiira, tamaliseche, totseka maso,
ngati nsonga za zala zanga zikazizidwa.
Ndinawerenga ndi maso okha:
tisanu ndi tiwiri.

Mayi Wiesława a m'chipinda chapansi
anakwera masitepe onse ndi ndodo yawo
kudzandiikira malamulo.
Musagwire. Fungo lanu likatsala pa kamwana
make sakadziwanso.
Chotsani gudumu lothamangiramo. Musasese.
Phimbani khola ndi nsalu.
Ndipo wailesi yanuyo, a Tadeusz, imafika mpaka kwanga.

Wailesi ndazimitsa.
Ine woimitsa chitsulo chodzaza anthu ndi dzanja limodzi
ndikuyenda monyang'ama m'nyumba yangayanga,
kutsokomolera m'pilo,
kuwiritsa dzira limodzi la anthu awiri,
ngati Bolek ndi munthu.
Amatenga gawo lake, kulilonga m'masaya
mpaka mutu kukula kuposa thupi,
zii, kulowa.
Zikomo palibe.

Tsiku lachinayi ndinapeza tisanu ndi kamodzi.
Ndinawerenganso. Ndinayatsa tochi, ndinaizimitsa msanga.
Bolek anandiyang'ana ndi maso ake a mikanda
akunyambita timanja.
Sindinamufunse.
Jagoda ataimba foni ndinati tonse tili bwino,
bodza la msinkhu wa nyemba.

Iye sakumbuka
kuti anabadwa miyezi isanakwane,
kuti masabata atatu ndinkaima kunja kwa galasi
m'chipatala chonunkha mankhwala,
manja m'matumba, namwino akuti musagwire,
amake ali chigonere m'chipinda china.
Ndinkaganiza kuti chikondi chili m'manja.
Kawiri tsopano ndauzidwa kuti ndiwabise.

Khola likununkha. Ndalisiya linunkhe.
Timisana tamera ubweya, kena kagolide, kena kaphulusa,
ndipo kena, kosaona n'komwe,
dzulo kanatuluka dzandidzandi kukalimbana ndi nkhaka
yokaposa kukula.
Make anakanyamula pakhosi, kukabweza.
Kanatulukanso.

Lero ndi tsiku lakhumi ndi chinayi.
Timaso tang'ambika pang'ono, ngati mizere ya pensulo.
Ndasamba m'manja popanda sopo,
ndapaka utuchi wa m'kholamo,
ndayala chikhatho pansi, phee.

Panja tramu ya nambala khumi ikudutsa, mnzanga akuyendetsa.
Zenera likunjenjemera.
Dzanja layamba dzanzi.
Kamphuno kamodzi, kozizira,
kakubwera, kaima,
kakubwera.