Ambulansi ya pa Njerwa

Ndinaipeza ku Kanengo, kuseri kwa mpanda wa malata,
itagwada ngati ng'ombe yokana goli,
chitedze chitalowera pa windo n'kutulukira ku boneti.
Mtanda wofiira uja unali utasuluka, wasanduka katondo.
Mlonda anati: Madala, ichi n'chitsulo cha pa sikelo basi.
Ndinati: Nanenso, mwanawe.

Zaka khumi ndi zinayi ndinaiwongolera ine,
Landirova ya boma, ya msana wautali,
kuchoka pa Botomu kupita kwa Kabudula, ku Mitundu, ku Nathenje,
Lilongwe akadali wa misewu yowerengeka
ndi fumbi losawerengeka.
Lero yakhala pa njerwa kwathu ku Kawale,
nkhuku za Nasibeko zikuikira pa mpando wa namwino.

Loweruka ndimalawirira ku Biwi.
Anyamata a m'magalaji amayamba kuseka ndisanafike:
Abwera aja ofuna kabuleta ya nthawi ya mapaundi!
Aseke. Ndimafukula milu ya dzimbiri ngati wokumba mbewa,
zala zanga zimadziwa bauti yake maso asanaione.
Chogwirira chitseko ndinachipeza kwa Malangalanga
chili pa chimbudzi cha munthu.
Ndinalipira chogwiriracho,
ndinalipiranso chitseko.

Nyali ya buluu ya padenga
inali kwa Mai Edesi Kapalamula ku Mchesi,
ataigadamitsa, akusungiramo mchere.
Malemu amuna awo anaigula pa okishoni
poganiza kuti ndi mbale ya azungu.
Ndalama anakana.
Anati ndiwapezere chigubu cha chivindikiro,
ndipo tsiku lodzayaka nyaliyo ndisadzawaiwale.

Machira ndiwo anandithetsa nsapato.
A masiku ano ali ndi mateyala, amanyezimira,
ine ndimafuna aja a mitengo iwiri ndi lona wobiriwira,
onunkha sipiriti ndi mantha.
Ndinawapeza kwa Chinsapo akuyanikapo mphale.
Ndinachapa katatu ndi sopo wamtanda.
Banga limodzi linakana kuchoka,
ine sindinalikakamize.

Pa kapepala ka m'thumba la malaya patsala zambiri:
rediyeta, mbedza yopachikapo diripi,
bokosi la mabandeji la malata oyera,
ndi sailini.
Lonjezo, mwana wanga, akuti m'tauni muli zatsopano,
zolira mitundu isanu ndi iwiri.
Yathu inali ndi liwu limodzi, losasa,
koma ikalira pa mlatho wa Lilongwe
njinga zinkagwera m'ngalande zokha.

Lachitatu lapitali, pakati pa usiku, mvula ili pupupu,
chitseko chinagogodedwa.
Bizaliyele, mnyamata wa lendi wa kuseriyu,
nsapato zili kumanja, mawu akunjenjemera:
Agogo, nthawi ya mkazi wanga yakwana,
tithandizeni ndi ambulansi.

Ndinaunika tochi pa njerwa zija.
Injini ili m'mabeseni atatu m'khonde,
mapisitoni akusamba m'palafini.
Penti yokha ndiyo inali yokonzeka,
mtanda uli psuu, wonama bwino lomwe.

Tinatenga machira.
Anthu anayi, matope ofika m'akakolo,
kudutsa pa mjigo, pa chigayo, mpaka pa tala.
Mawondo anga anakumbuka okha:
kuyamba ndi phazi lamanzere,
pokwera mtunda mutu utsogole,
osathamanga, osaima.
Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akale,
Limbani mtima mayi, tafika kale,
bodza lomwe ndinalinena kwa zaka khumi ndi zinayi.
Minibasi yobwerera kokagona inaima.
Kondakitala sanafunse ndalama.

Ndi mwana wamkazi.
Lona ali padzuwa, ali ndi banga lachiwiri.

Nasibeko wasamutsa nkhuku zake, osanena kanthu.
Mawa ndi Loweruka.
Kapepala kaja ndakalembanso:
sailini yatsikira pansi penipeni,
pamwamba ndalembapo mateyala anayi,
amtundu uliwonse, ngakhale a chaka chino.